Mbiri ya Malemu Daniel Slotnick, Katswiri wa Makompyuta Ogawana Ntchito

Pa 25 Okutobala 1985, mumzinda wa Baltimore m'dziko la America, bambo wina wa zaka 53 adagwa mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima pamene ankathamanga kulimbitsa thupi, ndipo adatsikira kuli chete. Dzina lawo lidali Daniel Leonid Slotnick, mphunzitsi wamkulu wa za makompyuta pa yunivesite ya Illinois. Ambiri a ife sitidalimvepo dzinali, ndipo sizodabwitsa, popeza ngakhale kwawo komweko anthu ochuluka ankawakumbukira monga munthu amene adatsogolera ntchito yomanga kompyuta yodya ndalama zankhaninkhani, yochedwa kutha, ndiponso yoti siidafike n'komwe pa sukulu imene adaikonzera malo. Komabe ganizo limene malemuwa adalikakamira kwa zaka zoposa 30, ena akuliseka ndipo ena akulikana, ndi lomwe lero likugwira ntchito m'makompyuta akuluakulu a pa dziko lapansi, mpaka m'foni zimene timanyamula m'matumba mwathu.

Ganizolo silovuta kulimva kwa munthu amene adaonapo dima. Munda waukulu ungalimidwe m'njira ziwiri. Mungathe kufunafuna mlimi mmodzi wamphamvu zedi, kumupatsa khasu lakuthwa ndi kumulimbikitsa kuti azifulumira. Kapena mungathe kuitana anthu ambiri, aliyense n'kutenga mzere wake, onse n'kumalima nthawi imodzi. Makompyuta ambiri oyambirira adatsata njira yoyambayo. Adali ndi chigawo chimodzi chowerengera masamu, chimene akatswiri amachitcha purosesa, ndipo chinkatenga lamulo limodzi, kulimaliza, kenaka n'kutenga lotsatira. A Slotnick adakhulupirira njira yachiwiri, yoti pakhale mapurosesa ambirimbiri osavuta kupanga, onse omvera lamulo limodzi pa nthawi imodzi, koma iliyonse ikuwerenga manambala akeake.

A Slotnick adabadwa pa 12 Novembala 1931 mumzinda wa New York. Adaphunzira masamu pa yunivesite ya Columbia, komwe adalandira digiri yoyamba mu 1951 ndi yachiwiri mu 1952. Chaka chomwecho, ali ndi zaka 20 zokha, adapeza ntchito mumzinda wa Princeton, pa malo a kafukufuku otchedwa Institute for Advanced Study, pomwe panalinso a Albert Einstein. Kumeneko katswiri wotchuka wa masamu wochokera ku Hungary, a John von Neumann, adali atangomaliza ndi gulu lawo kumanga kompyuta imene idadzakhala chitsanzo cha makompyuta ena ambiri. Masiku amenewo kompyuta inkadzaza chipinda, ndipo inkagwira ntchito ndi machubu agalasi onga mababu a magetsi, oposa 1,000, omwe ankatentha kwambiri ndi kupsa kawirikawiri.

Kompyuta ya ku Princeton idali ndi nkhokwe yosungiramo manambala yooneka ngati mgolo wozungulira, wokutidwa ndi maginito, ndipo pamgolopo padali mizere 80. Makina ankatola tizigawo ta nambala imodzi kuchokera m'mizere 40, kutisonkhanitsa pamodzi ndi kutitumiza ku purosesa imodzi ija. Mnyamatayo atayang'anitsitsa kayendedwe ka mgolowu, adadzifunsa chifukwa chake mizere yonseyi iyenera kudyetsa pakamwa pamodzi. Adaganiza kuti kukadakhala bwino kulemba nambala iliyonse mumzere wakewake, ndi kuika kapurosesa kakang'ono pa mzere uliwonse, kotero kuti mgolo ukazungulira, masamu ambiri achitike nthawi imodzi. Adalipereka ganizoli kwa a von Neumann, koma iwo adalikana poona kuti makina otere akadafuna machubu ochuluka mosaneneka. Tisafulumire kuwaweruza mkuluyo, pakuti ndi zipangizo za 1952 adanena zoona. Cholakwika chidali pa nthawi, osati pa ganizo.

Mu 1954 a Slotnick adabwerera ku sukulu, ndipo mu 1956 adalandira digiri ya udokotala wa masamu pa New York University. Patapita kanthawi adalowa ntchito ku kampani ya IBM. Pofika nthawi imeneyo machubu aja adali atayamba kulowedwa m'malo ndi matiranzisita, tizipangizo ting'onoting'ono tosatentha kwambiri komanso tokhalitsa, choncho chifukwa chimene a von Neumann adakanira chidayamba kuchepa mphamvu. Mu 1958 a Slotnick pamodzi ndi mnzawo wa pa ntchito, a John Cocke, adalemba kalata ya kafukufuku yofotokoza momwe masamu aakulu angagawidwire pakati pa mapurosesa ambiri. Kalatayi imawerengedwa pakati pa zolemba zoyambirira pa nkhaniyi. Kampaniyo siidapite nalo patali ganizolo, ndipo iwo adasamuka.

Mwayi weniweni udapezeka ku kampani ya Westinghouse ku Baltimore, mumzinda womwewo umene adadzamwaliramo. Ndi ndalama zochokera ku gulu la asilikali a ndege a dziko la America, adasonkhanitsa akatswiri ndi kulinganiza kompyuta ya mapurosesa 1,024, oikidwa m'mizere 32 ya mapurosesa 32 uliwonse. Adaitcha SOLOMON, pokumbukira mfumu Solomoni, imene Buku Loyamba la Mafumu limaitchula kuti idali yanzeru kwambiri komanso idali ndi akazi ndi adzakazi okwana 1,000. Idali nthabwala ya akatswiri, koma inkalongosola bwino kamangidwe ka makinawo: chigawo chimodzi cholamula, ndi mapurosesa ochuluka omvera. Mu 1962 adafotokoza za SOLOMON pa msonkhano waukulu wa akatswiri a makompyuta, ndipo dzina lawo lidayamba kudziwika.

Apa pafunika kufotokoza chifukwa chake mapurosesawo adaikidwa m'mizere yopingasana, iliyonse ikulumikizidwa ndi anansi ake anayi, wa kumpoto, wa kumwera, wa kum'mawa ndi wa kumadzulo. Tiyeni titenge chitsanzo cha kulosera zanyengo. Akatswiri amagawa mlengalenga m'timabokosi tambirimbiri tongoyerekeza, ndipo pa kabokosi kalikonse amalemba kutentha, chinyontho, kulemera kwa mpweya ndi kumene mphepo ikulowera. Kuti adziwe momwe kabokosiko kakhalire pakapita mphindi zingapo, amayang'ana manambala ake pamodzi ndi a timabokosi toyandikana nako, popeza mphepo ndi kutentha zimachokera kwa mnansi. Masamu ake ndi amodzimodzi pa kabokosi kalikonse. Chosiyana ndi manambala basi. Purosesa imodzi imayenera kuyendera timabokosi tonse kamodzikamodzi, ndipo ikachedwa, mvula imagwa ulosi usadatuluke. Koma ngati kabokosi kalikonse kali ndi purosesa yake, zonse zimawerenga pamodzi, kupatsirana mayankho ndi anansi, ndi kupitiriza. Momwemonso zimakhalira powerenga kayendedwe ka mpweya pa phiko la ndege, ka madzi mumtsinje, kapena ka moto m'bomba likamaphulika.

Kunena zoona, munthu wina adalota kale za zimenezi makompyuta asadabwere. Mu 1922 katswiri wa ku England, a Lewis Fry Richardson, adalemba buku la kulosera zanyengo pogwiritsa ntchito masamu, ndipo m'menemo adayerekeza holo yaikulu yokhala ndi anthu 64,000, aliyense akuwerenga za kachigawo kake ka dziko ndi kuonetsa yankho kwa oyandikana naye, mtsogoleri mmodzi ali pakati kuonetsetsa kuti wina asatsogole kapena kutsalira. A Richardson adali a mpingo wa Quaker, wokana nkhondo, ndipo mu 1920 adasiya ntchito ku ofesi ya zanyengo pamene ofesiyo idaikidwa pansi pa unduna woyang'anira asilikali a ndege. Tikuwatchula pano chifukwa funso limene lidawachotsa pa ntchito ndi lomwe lidadzakumana ndi a Slotnick patapita zaka 50.

Ku Westinghouse adamanga timakina tingapo toyesera, ndipo malo a kafukufuku wa zida za nyukiliya a ku Livermore, ku California, adaonetsa chidwi chofuna SOLOMON yathunthu. Koma akuluakulu a kampaniyo adaona kuti ntchitoyo ingathe kuwamiza m'ngongole, ndipo adaiimitsa cha m'ma 1964. A Slotnick adayesa kufunafuna anthu a ndalama kuti apitirize paokha, koma adalephera. Mu 1965 adapita kukaphunzitsa pa yunivesite ya Illinois, ku Urbana-Champaign.

Sukuluyi idali kale ndi mbiri yomanga makompyuta akeake otchedwa ILLIAC. Yoyamba, ya mu 1952, idatsata ndondomeko ya kompyuta ya a von Neumann ija. Yachinayi ndiyo idapatsidwa kwa a Slotnick, motero ganizo limene lidakanidwa ku Princeton lidapeza malo m'banja la zidzukulu za makina a ku Princeton omwewo. Ndalama zidachokera ku ARPA, nthambi ya kafukufuku ya unduna wa za chitetezo, yomwenso idalipirira ARPANET, kholo la intaneti. Kampani ya Burroughs ndiyo idapatsidwa ntchito yomanga. Pulani idali yoti ILLIAC IV ikhale ndi mapurosesa 256, ogawidwa m'zigawo zinayi za 64, ndipo purosesa iliyonse ikhale yamphamvu payokha, yokhala ndi nkhokwe yakeyake. Cholinga chidali kuwerenga masamu okwana biliyoni imodzi pa sekondi, zomwe pa nthawiyo zidali kutali kwambiri ndi kompyuta ina iliyonse.

Ntchito ili m'kati, padabuka mtsutso umene ophunzira a makompyuta amauphunzirabe mpaka lero. Mu Epulo 1967, pa msonkhano wa ku Atlantic City, a Slotnick adalankhula poikira kumbuyo makina a mapurosesa ambiri, ndipo a Gene Amdahl, mmodzi mwa olinganiza makompyuta otchuka a IBM System/360, adalankhula poikira kumbuyo purosesa imodzi yaliwiro. Mfundo ya a Amdahl idali yoti pa ntchito iliyonse pali gawo limene silingagawidwe, ndipo gawo limenelo ndilo limaika malire.

Akhristu amene adamangapo tchalitchi cha pa nthambi akuidziwa bwino mfundoyi. Kuumba njerwa kumagawika: miphakati ikabwera yonse, ntchito ya mwezi imatha m'masiku ochepa. Koma uvuni ukayatsidwa, uyenera kuyaka masiku ake ndi kuzizira masiku ake, kaya pabwera anthu khumi kaya 500. Tiyerekeze kuti ntchito ina imatengera purosesa imodzi maola 100, ndipo mwa maolawo 10 ndi a gawo losagawika. Maola 90 otsalawo akagawidwa pakati pa mapurosesa 64, amatsika kufika pa ola limodzi ndi theka, kapena kucheperapo pang'ono. Koma maola 10 aja alipobe, choncho ntchito yonse itenga maola oposa 11. Mwagula mapurosesa 64, koma liwiro lakwera kosakwana kasanu ndi kanayi. Ngakhale mutagula mapurosesa miliyoni, simungapose kakhumi. Mfundoyi idadzatchedwa lamulo la Amdahl, ndipo masamu ake alibe cholakwika. Kwa zaka pafupifupi 20 idakhala ngati mwala pakhosi pa aliyense wofuna kutsata njira ya a Slotnick.

Mavuto ena adachokera ku zipangizo. Kampani ya Texas Instruments idalonjeza timatchipi tatsopano taliwiro, koma idalephera kutipanga mwa mtundu umene udafunika, ndipo padayenera kugwiritsidwa ntchito timatchipi tosavuta koma tochuluka. Izi zidakulitsa mabolodi, malo a nkhokwe n'kuchepa. Pofuna kuthetsa vutoli a Slotnick adasankha nkhokwe yopangidwa ndi timatchipi ta kampani ya Fairchild, pa nthawi imene makompyuta ambiri ankadalirabe timikombero ta maginito. Chidali chisankho cholimba mtima, ndipo chidathandiza kutsegulira njira nkhokwe za mtundu umene udadzafala m'makompyuta onse. Koma kusintha kulikonse kunkadya miyezi ndi madola. Mu 1969 padagamulidwa kuti pamangidwe chigawo chimodzi chokha cha mapurosesa 64 m'malo mwa zinayi. Mtengo umene poyamba udayerekezedwa pa madola 8 miliyoni udakwera mpaka madola 31 miliyoni, pamene makinawo adali gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a pulani yoyamba.

Chimene chidawalanda makinawo sichidali ndalama kapena timatchipi, koma nkhondo ya ku Vietnam. Pa 6 Januwale 1970 nyuzipepala ya ophunzira a pa yunivesiteyo, yotchedwa Daily Illini, idalemba kuti kompyuta imene ikubwera pa sukulupo idzathera nthawi yake yambiri pa ntchito za unduna wa za chitetezo, kuphatikizapo kulinganiza zida za nyukiliya. Nkhaniyi idagwa ngati moto pa udzu wouma. Achinyamata a msinkhu wa ophunzirawo ankatengedwa mokakamiza kupita ku nkhondo, mitembo inkabwerera kwawo sabata iliyonse, ndipo ambiri ankaona kuti sukulu zawo zasanduka malo osulirako zida. Padachitika misonkhano ya mtsutso, ndipo a Slotnick adaimirira pamaso pa khamu la ophunzira okwiya kuti ayankhe mafunso awo. Adalengeza kuti malinga makinawo ali pa sukulu, sadzalola kuti agwire ntchito zachinsinsi, ndipo zonse zowerengedwa pamenepo zidzakhala zapoyera. Lonjezoli silidakhutiritse ophunzira, ndipo silikadasangalatsa amene ankalipira.

Zinthu zidaipiraipira. Pa 4 Meyi asilikali a boma la Ohio adaombera ophunzira pa yunivesite ya Kent State, napha anayi. Sukulu zambiri m'dziko lonselo zidanyanyala maphunziro, ndipo pa 9 Meyi ophunzira a ku Illinois adakonza tsiku la zionetsero zotsutsa kompyutayo. Kenaka usiku wa pa 24 Ogasiti anthu ena otsutsa nkhondo adaphulitsa bomba pa nyumba ina ya yunivesite ya Wisconsin, mumzinda wa Madison, momwe mudali ofesi ya kafukufuku wa masamu yolipiridwa ndi asilikali. Bombalo lidapha wofufuza wachinyamata, bambo wa ana atatu, yemwe ankagwira ntchito yake usiku ndipo sadali wa ofesi imeneyo. Zitatero a Slotnick adaona kuti sangatsimikize za chitetezo cha makinawo, ngakhale cha anthu odzagwira nawo ntchito. Kumayambiriro kwa 1971 padagamulidwa kuti ILLIAC IV isapitenso ku Illinois, koma ku Ames, malo a kafukufuku a bungwe la NASA ku California, omwe adali m'kati mwa mpanda wolonderedwa.

N'kosavuta kufotokoza nkhaniyi ngati ya katswiri wosalakwa ndi khamu losamva, koma kutero n'kuchepetsa choonadi. Ophunzirawo sadaname kuti ndalama zinkachokera kwa asilikali, ndipo sadaname kuti masamu a timabokosi aja ndi omwenso amafunika polinganiza bomba. Kuyambira ku Princeton, kudzera ku Baltimore mpaka ku Urbana, palibe makina a a Slotnick amene adamangidwa popanda ndalama za chitetezo, chifukwa panalibe wina amene akadalipira zoterezi. Komanso a Slotnick sadaname kuti makina omwewo angalosere zanyengo ndi kuthandiza pa ntchito zambiri zamtendere. Chomvetsa chisoni n'chakuti zionetserozo sizidaletse kompyutayo kumangidwa. Zidangoichotsa pa malo pomwe mtsogoleri wake adalonjeza kuti zonse zidzakhala zapoyera, n'kuipititsa kuseri kwa mpanda. Ndipo amene adataya kwambiri pa ntchito yake ndi a Slotnick, pakuti makina amene adawaganizira kuyambira ali ndi zaka 20 adapita m'manja mwa ena, makilomita oposa 2,500 kuchokera pa ofesi yawo.

ILLIAC IV idafika ku Ames mu Epulo 1972, ndipo siinkagwira ntchito. Mabolodi ena adali ndi ming'alu, zolumikizira zina zinkamasuka, ndipo padatenga zaka zitatu akatswiri akuchotsa ndi kubwezera zipangizo, mpaka kuchepetsako liwiro lake kuti ikhazikike. Mu Novembala 1975 ndi pamene idayamba kugwira ntchito modalirika, italumikizidwa ku ARPANET kotero kuti ofufuza a kutali ankatha kuitumizira masamu awo. Siidafike pa biliyoni imodzi ija. Komabe pa masamu oyenerana ndi kamangidwe kake, makamaka a kayendedwe ka mpweya pa ndege ndi a kusanthula zithunzi zojambulidwa ndi masetilaiti, idali pakati pa makina aliwiro kwambiri pa dziko lapansi, ndipo idathandiza akatswiri a NASA kuyamba kuyesa mapiko a ndege m'kompyuta asadawasule.

Tsoka lake, pamene inkayamba ntchito, mpikisano udali utasintha. Mu 1976 a Seymour Cray adatulutsa Cray-1, kompyuta ya purosesa imodzi yaliwiro zedi, yaing'ono poyerekeza ndi ILLIAC IV, yosavuta kuilembera mapulogalamu, ndiponso yoti aliyense wokhala ndi ndalama akadatha kuigula. Pali fanizo limene anthu amati lidachokera kwa a Cray, lofunsa ngati mlimi wanzeru angasankhe kulima ndi ng'ombe ziwiri zamphamvu kapena ndi nkhuku 1,024. M'zaka zimenezo ng'ombe zidapambana. ILLIAC IV idazimitsidwa mu Seputembala 1981, ndipo anthu ambiri ankaitchula monga chitsanzo cha ntchito yaikulu yolephera. Zigawo zake zina zidasungidwa ku Computer History Museum, mumzinda wa Mountain View, pafupi ndi Ames pomwepo.

A Slotnick adatsala ku Illinois. Adayambitsa ndi kutsogolera kwa zaka zingapo nthambi yotchedwa Center for Advanced Computation, napitiriza kuphunzitsa. Mu 1979 iwo ndi mkazi wawo adalemba buku lofotokozera ophunzira oyamba kumene za kapangidwe ka makompyuta, ntchito zake ndi momwe amakhudzira moyo wa anthu. Mu 1982 adalemba zikumbutso zawo za momwe ganizo la mapurosesa ambiri lidayambira, ndipo mu 1983 bungwe la IEEE Computer Society lidawapatsa mphotho yake ya W. Wallace McDowell. Patangopita zaka ziwiri adamwalira.

Phindu lenileni la ILLIAC IV lidali mwa anthu amene idawaphunzitsa. Kumanga mapurosesa 64 kudali kovuta, koma kudapezeka kuti chovuta koposa ndi kulemba mapulogalamu oti onse 64 akhale otanganidwa nthawi imodzi, osati ena kuima n'kumadikira anzawo. A David Kuck, amene adagwira mbali imeneyi pa ILLIAC IV, adathera moyo wawo wa ntchito pofufuza njira zoti kompyuta izitha kusanthula yokha pulogalamu yolembedwera purosesa imodzi ndi kupeza zigawo zogawika. Kampani imene adayambitsa idagulidwa ndi Intel mu 2000. Mu 1983 kampani ya Goodyear idapereka ku NASA makina a mapurosesa ang'onoang'ono 16,384, oikidwa m'mizere yopingasana monga momwe SOLOMON idaganiziridwira. Chapakati pa zaka za m'ma 1980, nthawi yomwe a Slotnick ankamwalira, a Danny Hillis adali kumaliza Connection Machine, yokhala ndi mapurosesa ofika 65,536.

Yankho la mtsutso wa ku Atlantic City lidabwera mu 1988, mwini wake atagona kale zaka zitatu. A John Gustafson ndi anzawo a ku Sandia, ku New Mexico, adagwiritsa ntchito makina a mapurosesa 1,024 ndipo pa masamu ena enieni adapeza liwiro lokwera pafupifupi ka 1,000. Sadaphwanye lamulo la Amdahl, koma adaonetsa chimene lamulolo silidaganizire. Munthu akapeza antchito ambiri salimanso kamunda komwe kaja. Amatsegula munda waukulu. Tikabwerera ku njerwa zija, parishi imene ili ndi manja ambiri siumba njerwa 5,000 zokha ayi, imaumba 50,000, pamene masiku ootcha sawonjezeka kakhumi. Wolosera zanyengo akapatsidwa mapurosesa ochuluka amachepetsa kukula kwa timabokosi kuti ulosi ukhale wolondola, motero gawo logawika limakula kwambiri pamene losagawika limatsala pafupifupi chimodzimodzi.

Chimene chidamaliza mkangano ndi kutentha. Kwa zaka zambiri opanga timatchipi ankawonjezera liwiro la purosesa imodzi chaka ndi chaka, koma cha m'ma 2004 adafika poti kuwonjezeranso kunkatenthetsa tchipi kuposa momwe angaiziziritsire. Ng'ombe ija idafika pamapeto a mphamvu zake. Mu 2005 makampani a Intel ndi AMD adayamba kugulitsa timatchipi ta makompyuta wamba tokhala ndi mapurosesa awiri m'kati, ndipo kuyambira pamenepo chiwerengerocho chakhala chikukwera. Foni zambiri zotsika mtengo za masiku ano zili ndi mapurosesa anayi kapena asanu ndi atatu. Timatchipi tojambula zithunzi, totchedwa GPU, tili ndi tizigawo towerengera masauzande angapo, togwira ntchito m'magulumagulu omvera lamulo limodzi pa manambala osiyana, zomwe zili pafupi kwambiri ndi ganizo la mnyamata uja wa ku Princeton. Mu 2012 ofufuza a pa yunivesite ya Toronto adagwiritsa ntchito ma GPU awiri pophunzitsa kompyuta kuzindikira zithunzi, napambana mpikisano waukulu, ndipo kuchokera pamenepo timatchipi timeneti tidasanduka maziko a mapulogalamu a nzeru zopangidwa ndi anthu, omwe ambiri amawatcha AI.

Ife a kuno tidakumana ndi zipatso za ntchitoyi pa nthawi yowawa. Pamene namondwe wa Freddy ankayandikira chigawo cha kumwera kwa Malawi mu Malichi 2023, machenjezo amene ankaulutsidwa pa wailesi adatsamira, mwa zina, pa maulosi a dziko lonse owerengedwa m'makompyuta a mapurosesa masauzandemasauzande, monga a bungwe la zanyengo la maiko a ku Ulaya lotchedwa ECMWF. Ndi masamu a timabokosi omwe aja, kalikonse kakufunsa anansi ake. Chenjezo silidathe kuletsa mapiri kugumuka ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, koma njira ya namondweyo idadziwika asadafike.

Mu 2022 kompyuta yotchedwa Frontier, ya ku Oak Ridge m'boma la Tennessee, idakhala yoyamba kutsimikiziridwa poyera kuti yawerenga masamu oposa biliyoni kuchulukitsa ndi biliyoni pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti idaposa ka biliyoni cholinga chimene ILLIAC IV idalephera kuchifika. Idatero ndi mapurosesa mamiliyoni angapo ogwira ntchito pamodzi. Mu Novembala 2024 malo oyamba pa mndandanda wa makompyuta aliwiro adatengedwa ndi ina yotchedwa El Capitan. Imeneyi idamangidwa ku Livermore, malo omwe aja amene adafuna kugula SOLOMON zaka 60 m'mbuyomo, ndipo ntchito yaikulu imene adaimangira ndi kuwerenga za zida za nyukiliya za dziko la America.